Mayina Amene Anasiya Kuyaka

M'magemu a pa intaneti amene anthu zikwizikwi amasewera m'dziko limodzi mumakhala kabokosi ka mayina a anzako. Mnzako akalowa, dzina lake limayaka. Akatuluka limazilala n'kutuwa, ndipo pambali pake pamaoneka nthawi imene yadutsa chilowereni komaliza: maola atatu, masiku awiri, mwezi umodzi. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndikangoyatsa kompyuta madzulo, dzanja langa linkathamangira ku kabokosi kameneko. Makalata a m'gemu ankayamba adikira, katundu amene ndinaika pamsika nayenso ankadikira. Ndinkafuna ndidziwe kaye kuti lero alipo ndani.

Gemu imene ndinkasewerayo sindiitchula dzina, chifukwa zimene zinatichitikira zachitikira anthu m'magemu ambiri. Ntchito yanga m'gulu mwathu inali yochiritsa. Anzanga akamalimbana ndi chilombo, ine ndinkaima kumbuyo, maso ali pa timizere tosonyeza moyo wa aliyense, n'kumadzaza kamene kayamba kutsika. Wochiritsa amaloweza anthu ake ngati mmene mbusa amalowezera ziweto. Umadziwa amene amachedwa kuchoka pamoto, amene amathamangira kutsogolo asanauzidwe, amene dzanja limanjenjemera chilombo chikatsala pang'ono kugwa. Ndiye munthu mmodzi akasowa, wochiritsa ndi amene amayamba kumva mphako yake.

Kuti tilowe m'phanga lalikulu tinkafunika anthu makumi awiri. Kwa zaka zingapo vuto lathu linali kusankha woti atsale panja, moti ena ankanyanyala. Kenako kunabwera usiku umene tinakwana khumi ndi asanu ndi atatu, tinapempha alendo awiri. Patapita miyezi iwiri tinakwana khumi ndi atatu. Mtsogoleri wathu, bambo wofatsa amene ankasewera ana ake akagona, anati, "Anzanga, tiyeni tidikire mphindi khumi zina, mwina akubwera." Tinadikira. Mphindi khumi zinasanduka ola. M'makutu munali zii, kungomveka wina akutsokomola patali. Pomaliza anati, "Pepani nonse, lero zakanika. Mugone bwino." Mayina anayamba kuzima limodzilimodzi.

Mwezi womwewo kampani ya gemu yathu inalankhulapo za kuchepa kwa anthu. Inati zimenezi n'zachizolowezi, anthu amapita n'kubwerera, ndipo gemu ili bwino lomwe. Ndinawerenga mawuwo kabokosi kanga kali chitsegukire pambali. Chimene chinandipweteka si chakuti ankanama, pakuti mwina sankanama. Chinali chakuti ankafotokoza chinthu china, ine ndikuona chinthu china, ngakhale tonse tinkanena za anthu omwewo. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikutsatira mmene makampani a magemu amafotokozera anthu akamachoka, ndipo ndaona kuti mawu ake sasiyana kwenikweni.

Nkhani imeneyi imaoneka bwino pa World of Warcraft, gemu ya kampani ya Blizzard. Sinali gemu yanga, koma tonse a magemu ena tinkaiyang'anitsitsa, chifukwa ndi imene inali muyezo, komanso eni ake ankalengeza chiwerengero cha olipira pafupipafupi. Inatuluka mu Novembala 2004. Pofika Okutobala 2010 inali ndi olipira 12 miliyoni, ndipo palibe gemu ina yolipira pamwezi imene inafikapo pamenepo. Mu Disembala chaka chomwecho kunatuluka chigawo chowonjezera chotchedwa Cataclysm, chimene tsiku loyamba lokha chinagulidwa makope oposa 3 miliyoni. Aliyense ankayembekezera kuti phiri likwererabe. Koma pakutha pa Malichi 2011 olipira anali 11.4 miliyoni, ndipo pakutha pa Sepitembala anali 10.3 miliyoni.

Tisanamve zimene ananena, ndi bwino kudziwa amene ankauzidwa. Manambala otsikawa sankalengezedwa kwa osewera. Ankatuluka m'malipoti a zachuma a Activision Blizzard, kampani yaikulu imene inali mwini wa Blizzard, amene ankaperekedwa miyezi itatu iliyonse kwa eni masheya, kenako akuluakulu a kampani n'kuyankha mafunso a akatswiri a zamalonda pa telefoni. Funso la m'chipinda chimenecho ndi limodzi: kodi ndalama zipitiriza kubwera? Ife osewera tinkangomvera pawindo. N'chifukwa chake mayankho ake amamveka ozizira kwa munthu amene gulu lake likutha.

Yankho loyamba, limene Mike Morhaime, mkulu wa Blizzard pa nthawiyo, anapereka mu Meyi 2011, linali lakuti osewera azolowera kwambiri moti akumaliza zatsopano msanga kuposa kale. Mfundo imeneyi ili ndi choonadi, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Phanga limene amisiri amalimanga chaka chathunthu, gulu lodziwa ntchito limalimaliza m'masabata ochepa. Kale chilombo chinkatenga miyezi anthu akuchiphunzira pogwa ndi kudzuka. Masiku ano chisanatuluke n'komwe, ena amakhala atachiyesa kale pa seva yoyeserera (seva ndi kompyuta yaikulu yosunga dziko la gemu), ajambula mavidiyo n'kuika pa YouTube, ndipo aliyense amalowa akudziwa poima ndi pothawira. Palibe kampani imene ingamange mofulumira kuposa mmene anthu mamiliyoni amadyera.

Komabe taonani kumene yankho limeneli likuloza chala. Likuti vuto ndi liwiro la wosewera. Silikunena za nthawi imene m'nkhokwe munalibiretu kanthu. Phanga lomaliza la chigawo cha Mists of Pandaria linatsegulidwa mu Sepitembala 2013, ndipo chigawo chotsatira chinabwera mu Novembala 2014. Miyezi khumi ndi inayi anthu akumenya zilombo zomwezo sabata ndi sabata, uku ndalama ya pamwezi ili yomweyo, madola 14.99 ku America. Zinabwerezanso kuyambira Juni 2015 mpaka Ogasiti 2016. Munthu amene wachoka mwezi wachisanu ndi chinayi wa chilala chotero sanadye mofulumira ayi. Wadikira mpaka mtima watopa.

Yankho lachiwiri ndi limene linandiphunzitsa kuwerenga malipoti amenewa mosamala. Kangapo konse kampaniyo inanena kuti ambiri mwa ochokawo ndi a Kum'mawa, kutanthauza maiko a ku Asia monga China. Zinamveka kwambiri kumayambiriro kwa 2013, pamene chiwerengero chinatsika kuchoka pa 9.6 miliyoni kufika pa 8.3 miliyoni m'miyezi itatu yokha. Anavomereza kuti Kumadzulo nakonso anthu achepa, koma mawu amene anatsindika anali akuti Kum'mawa. Kuti mumvetse kulemera kwake muyenera kudziwa tanthauzo la "wolipira" m'mabuku awo. Ku China, kumene gemuyi inkayendetsedwa ndi kampani ya NetEase kuyambira 2009, anthu pa nthawiyo sankalipira pamwezi. Ankagula makadi a maola, ambiri n'kumasewerera m'nyumba za intaneti. Malinga ndi tanthauzo limene Blizzard inkasindikiza pansi pa zilengezo zake, munthu wosewerera m'nyumba zoterozo ankawerengedwa ngati walowapo m'masiku makumi atatu apitawo. Munthu wotero ankabweretsa ndalama zochepa poyerekeza ndi wa ku Europe kapena ku America, ndipo zinanso zinkatsala kwa kampani ya komweko.

Choncho mwini masheya akamva kuti ochokawo ndi a Kum'mawa, mtima umakhala m'malo: achoka ndi otchipa. Chimene chimandivuta n'chakuti anthu omwewo, nthawi imene chiwerengero chinkakwera kupita ku 12 miliyoni, ankawerengedwa mokwanira, mutu umodzi ngati mutu umodzi. Pokwera anali anthu athunthu. Potsika anasanduka chifukwa choti musadandaule. Ndipo pa seva ina ku Shanghai kapena ku Chengdu kunali wochiritsa ngati ine, akuyang'ana kabokosi kake kakutuwa, osadziwa kuti kuchoka kwa anzake kukugwiritsidwa ntchito potonthoza anthu a kutsidya kwa nyanja.

Pali yankho lina losavuta, lakuti sanapite patali, ali m'gemu yathu ina. Mu 2012 chiwerengero chinagwa kuchoka pa 10.2 miliyoni kufika pa 9.1 miliyoni, ndipo anatchula Diablo III, imene inatuluka mu Meyi chaka chimenecho, komanso kuti ena akudikira chigawo chatsopano. Kwa kampani ndi zoona, ndalama yangochoka thumba la kumanja kupita la kumanzere. Kwa gulu limene likusowa anthu asanu kuti lilowe m'phanga, kumene apita anthuwo sikusintha kanthu.

Kampani ya Electronic Arts nayo inayenda njira yomweyi, koma mothamanga. Gemu yake ya Star Wars: The Old Republic, yopangidwa ndi BioWare, inatuluka mu Disembala 2011. Mu Febuluwale 2012 analengeza olipira 1.7 miliyoni. Mu Meyi anali 1.3 miliyoni, ndipo anafotokoza kuti amene achoka ndi ongodutsa ndi ongolawa, osewera ake enieni alipo. Pakutha pa Julayi chiwerengero chinali chitatsika kupyola miliyoni imodzi, ndipo tsiku lomwelo analengeza kuti gemuyo iyamba kuseweredwa mwaulere, zimene zinachitika mu Novembala. Mmodzi wa akuluakulu ake, Frank Gibeau, ananena kuti anthu 40 mwa 100 alionse amene ankachoka ankadandaula za ndalama ya pamwezi.

Mawu akuti "ongodutsa" ndimadana nawo ndi mtima wonse. Aliyense wa ife anayamba ali wongodutsa. Ine ndinalowa m'gemu yathu kuti ndingoona, sindinkadziwa ndi pomwe pogulira zida. Munthu wina wosamudziwa anandipeza nditafa kachitatu pamalo amodzi, anandidzutsa, anandiperekeza mpaka kumudzi wotsatira, kenako anandifunsa ngati ndili ndi gulu. Zaka zisanu ndi chimodzi zinayambira pamenepo. Ongodutsa ndiwo mbewu. Gemu imene ikulephera kuwasunga ikudya mbewu yake, ndipo njala yake imadzaoneka chaka chamawa. Nkhani ya ndalamayo nayonso ndimaiona mwina. Ndalama ya pamwezi inali yomweyo mwezi umene munthuyo ankaikonda gemuyo, ndipo ankalipira osaganiza kawiri. Imayamba kulemera tsiku limene walowa n'kupeza kuli pululu. Akafunsidwa potuluka amaloza ndalama, chifukwa ndi imene ili pamndandanda wa mayankho, koma chimene chatha ndi chimene ndalamayo inkagula.

Yankho lomaliza ndi kukhala chete. Chigawo cha World of Warcraft chotchedwa Warlords of Draenor chinatuluka mu Novembala 2014 n'kukweza chiwerengero kupyola 10 miliyoni. Pakutha pa Malichi 2015 chinali 7.1 miliyoni. Pakutha pa Juni, 5.6 miliyoni. Pakutha pa Sepitembala, 5.5 miliyoni. Pafupifupi theka la anthu linapita chaka chisanathe. Mu Novembala 2015 Activision Blizzard inanena kuti aka n'komaliza kulengeza chiwerengero cha olipira, poti pali miyezo ina imene imasonyeza bwino mmene bizinesi ikuyendera. Kuyambira pamenepo ankatchula anthu amene alowapo kamodzi pamwezi m'magemu onse a Blizzard pamodzi, olipira ndi aulere omwe, mumphika umodzi. Ngakhale nambala imeneyo inatsika, kuchoka pa 46 miliyoni pakati pa 2017 kufika pa 26 miliyoni pakati pa 2021, koma palibe akanatha kuloza kuti dzenje lili m'gemu iti.

Apa ndiyenera kunena mwachilungamo: mfundo yawo inali yoona, ndipo choonadi chakecho ndi chimene chimandiopsa. Masiku ano gemu sipeza ndalama pa malipiro a pamwezi okha. Imagulitsa zigawo zowonjezera, zovala, nyama zokwera, kusintha dzina, kusamukira seva ina, kulumphitsa munthu masitepe. Mu Epulo 2015 Blizzard inayambitsa WoW Token, imene wina amagula ndi ndalama zenizeni n'kugulitsa kwa mnzake ndi golide wa m'gemu. Ndi njira zimenezi, anthu akhoza kuchepa koma ndalama osachepa mofanana, bola otsalawo azigula zambiri. Kale thanzi la kampani ndi thanzi la dziko la m'gemu zinali chinthu chimodzi: mudzi ukadzaza, thumba limadzaza. Tsopano ziwirizi zikhoza kusiyana njira. Ndipo pali chinthu chowawa kwambiri: seva ikayamba kufa, anthu amalipira kuti asamuke. Kufa kwa mudzi kumabweretsanso ndalama.

Nanga anthu amachoka bwanji kwenikweni? Ndinena zimene ndinaona ndi maso anga. Woyamba kuchoka m'gulu mwathu anali mayi amene anabereka mwana wake woyamba. Tinamusangalalira tonse, ndipo palibe kampani imene ingaimbidwe mlandu pa zimenezo. Wachiwiri anasinthidwa ntchito n'kuyamba kugwira usiku. Wachitatu ndi amene ankaima kutsogolo kulandira nkhonya za chilombo m'malo mwa tonsefe. Luso limene analiphunzira zaka zinayi linasinthidwa tsiku limodzi, ndipo anati manja ake sakumudziwanso munthu wake wa m'gemu. Anayesa mwezi umodzi, kenako anasiya. Iyeyu atachoka, usiku wa phanga unayamba kulephereka. Usiku ukalephereka kawiri, munthu amene anakana ulendo wa banja kuti apezeke amayamba kudzifunsa. Ukalephereka kanayi, amapangana zina. Amene ankalowa chifukwa choti iyeyo alipo, nayenso amasiya. Anthu atatu anachoka pa zifukwa zawo. Khumi ndi awiri otsatira anachoka chifukwa cha atatu aja.

Izi ndi zimene palibe lipoti linazinenapo. Munthu salipira pamwezi chifukwa cha zilombo ndi mapanga okha. Amalipirira malo amene anzake ali. Aliyense wolipira ndi kasitomala, komanso ndi gawo la katundu amene akugulitsidwa kwa ena. N'chifukwa chake magemu amenewa amakula ngati moto wolusa, wina kukoka mnzake, mnzakeyo kukoka m'bale wake, ndipo akayamba kutsika amatsikanso chimodzimodzi, ulusi umodzi ukasololoka chovala chonse n'kuyamba kumasuka.

Kukalamba kwa osewera si kwachilendo. Amene anayamba ali pasukulu mu 2004 anali ndi mabanja pofika 2014. Ngakhale m'zaka zabwino anthu ankachoka ambirimbiri, kungoti pakhomo pankalowa ena ochuluka kuwaposa. Vuto limayamba khomo likauma. Magemu aulere monga League of Legends, imene inatuluka mu 2009, anatenga achinyamata amene kale akanabwera kwa ife, kenako magemu a pafoni anatenga nthawi yotsalayo. Woyamba kumene amene walimba mtima n'kulowa m'gemu yakale amapeza midzi yoyambira ili mbee, aliyense ali kumapeto. Palibe womupeza atafa n'kumudzutsa.

Ndipo pali zina zimene opanga magemu anachita ndi mtima wabwino, zimene zinadula mizu mosadziwa. Mu Disembala 2009 World of Warcraft inabweretsa makina opezera gulu: ukadina batani, kompyuta imakusonkhanitsa ndi anthu anayi a maseva ena n'kukuponyani m'phanga. Magemu ambiri anatengera, yathunso inatengera. Ndinaikonda njira imeneyi, sindibisa. Kale unkatha ola lathunthu ukukuwa m'mudzi kufuna anthu. Koma m'kukuwa muja ndi mmene tinkadziwirana. Ukapeza munthu wodziwa ntchito unkalemba dzina lake, chifukwa mawa udzamufunanso, ndipo wamwano ankadziwika seva yonse. Ndi makina aja, unkamaliza phanga ndi anthu amene sunawapatse moni ndipo sudzawaonanso. Mu Warlords of Draenor anawonjezera linga la munthu aliyense payekha, mmene munali mgodi, munda ndi antchito, moti ambiri ankathera nthawi yawo m'menemo okhaokha. Gemu inafewa, koma malo opangira ubwenzi anachepa. Gulu lathu litayamba kutha, tinafunafuna anthu olowa m'malo, koma panalibenso bwalo loti tikawapezepo.

Mwina wina angafunse kuti wosewera nambala imeneyi akuifuniranji, si asewere basi? Yankho lake lili m'manda a magemu. Star Wars Galaxies inatsekedwa mu Disembala 2011. City of Heroes inatsekedwa mu Novembala 2012. Warhammer Online, imene inayamba ndi chikhamu mu 2008, inatsekedwa mu Disembala 2013. WildStar inatuluka mu 2014, inakhala yaulere mu 2015, inatsekedwa mu Novembala 2018. Gemu yotere ikatsekedwa sutsala ndi kanthu m'manja. Nyumba imene unamanga, zida zimene unazivutikira, malo amene munkakumana, zonse zili pa makompyuta a eni ake, ndipo akathimitsa zapita. Munthu amene akuganiza zothira zaka zake m'dziko lotero ali ndi chifukwa chofunira kudziwa ngati dengalo lilimba. Kampani ikabisa nambala, anthu sasiya kuwerenga. Amawerenga mitu m'misika ya m'gemu, amawerenga nthawi yodikira gulu, amatola mphekesera, ndipo nthawi zambiri zimene amaganiza zimakhala zoipa kuposa zenizeni.

Chimene chimandilimbitsa pa maganizo angawa n'chakuti njira ina inayesedwapo, ndipo tinaona zotsatira zake. Final Fantasy XIV ya kampani ya Square Enix inatuluka mu Sepitembala 2010 ili yosalongosoka, ndipo anthu anaithawa. Kampaniyo sinanene kuti osewera ndi ongodutsa. Mu Disembala inapepesa poyera, inasintha utsogoleri n'kuika Naoki Yoshida, ndipo kwa nthawi yoposa chaka sinatolere ndalama ya pamwezi. Yoshida anayamba kulemba makalata ndi kuonekera pa vidiyo pafupipafupi, kufotokoza chimene chalakwika ndi chimene akukonza. Mu Novembala 2012 anathimitsa dziko lakalelo, mu Ogasiti 2013 anatsegula latsopano. Pofika Disembala 2021 anthu anachuluka mpaka kampaniyo inayamba yaimitsa kugulitsa gemuyo chifukwa maseva anadzaza.

Ku Iceland, kampani ya CCP inakwiyitsa osewera a EVE Online mu 2011 itayamba kugulitsa tizinthu tovala pamtengo wokwera, kuphatikizapo kagalasi ka diso limodzi ka pafupifupi madola 70. Anthu anachita zionetsero m'gemu momwemo, ena anasiya kulipira. Mu Okutobala mkulu wa kampaniyo, Hilmar Veigar Pétursson, analemba kalata yovomera kuti wolakwa ndi iye. Mu 2013 gemuyo inadutsa olipira 500,000. Nayo kampani ya Jagex ya ku Cambridge, itasintha kamenyedwe ka RuneScape mu 2012 anthu ambiri n'kuipidwa, inafunsa osewera kudzera m'voti, ndipo mu Febuluwale 2013 inabwezeretsa gemu ya mu 2007 pansi pa dzina lakuti Old School RuneScape. Kumeneko zatsopano zambiri zimayamba zavoteredwa ndi osewera zisanalowe.

Blizzard yomwe inadzafika pamenepa, ngakhale mochedwa. Mu 2013 wosewera wina atafunsa pa msonkhano wa BlizzCon ngati angabwezeretse World of Warcraft ya poyambirira, J. Allen Brack, mmodzi wa akuluakulu a gemuyo, anamuyankha kuti akungoganiza kuti akuifuna koma sakuifuna. Anthu anapitiriza kuisewera pa maseva osaloledwa, mpaka yotchuka kwambiri, Nostalrius, inatsekedwa mu Epulo 2016 ndipo anthu zikwi mazana anasaina chikalata chodandaula. Mu Ogasiti 2019 World of Warcraft Classic inatuluka, ndipo anthu ankadikira maola pamzere kuti alowe m'gemu yochedwa, yovuta, yopanda makina opezera gulu. Ankafuna kufunananso.

Sindikunena kuti kupepesa kumachiritsa gemu iliyonse, kapena kuti amisiri opanga magemu sasamala. Ambiri a iwo ndi osewera ngati ife, ndipo si iwo amene amalemba mawu a m'malipoti. Gemu ya zaka khumi singakhale ndi khamu la tsiku loyamba, ndipo palibe manyazi pamenepo. Chimene ndikunena n'chakuti kampani imene yati "tinalakwitsa apa" yalankhula ndi munthu amene wachoka, ndipo yamupatsa chifukwa chocheukira. Imene yati "n'zachizolowezi" yalankhula ndi anthu ena, wochokayo akumva, ndipo chimene wamva n'chakuti kusowa kwake sikunaonedwe.

Ine ndinakhalabe miyezi isanu ndi itatu chilepherekereni usiku uja. Tinayesa kuphatikizana ndi gulu lina lomwe linalinso lopunduka, koma nthawi zathu sizinagwirizane. Seva yathu inalumikizidwa ndi ina, mudzi unadzazanso kwa masabata angapo ndi nkhope zachilendo, kenako unayambanso kuphwa. Ndinkalowa, kutsegula kabokosi, kuona mayina awiri kapena atatu, kuzungulira pang'ono, n'kutuluka. Mwezi wina ndinaona kuti ndalipira koma ndalowa kawiri kokha.

Ndinamulembera mtsogoleri wathu ndisanadine batani. Ndinati, "Akulu, ndikuganiza zopuma kaye." Anayankha patapita nthawi: "Ndamva, m'bale wanga. Mwatisunga amoyo zaka zonsezi. Malo anu sindipatsa wina." Ndinadziwa pamene ndinkawerenga kuti wochiritsa akachoka, ngakhale mapanga ang'onoang'ono a anthu asanu sadzathekanso, ndipo kuti wina mwa otsalawo adzachoka chifukwa cha ine monga mmene ine ndinkachokera chifukwa cha ena.

Tsamba losiyira kulipira linandifunsa chifukwa chake. Panali mayankho osankha: ndalama yachuluka, ndilibe nthawi, ndikusewera gemu ina, ndamaliza zonse, mavuto a kompyuta. Ndinawawerenga kawiri. Pansi penipeni panali kabokosi kakang'ono ka zifukwa zina, kololeza zilembo zochepa. Ndinalembamo kuti tinali makumi awiri, tatsala anayi, ndipo ndinayamba kutchula mayina awo a m'gemu mmodzimmodzi, mwa ndondomeko imene anachokera. Malo anatha ndili pa dzina lachisanu ndi chinayi.

Patapita zaka ziwiri kampaniyo inapereka sabata yaulere kwa akale, ndipo ndinalowa. Munthu wanga anali ataima pamalo pomwe ndinamusiya, pafupi ndi chitsime cha pakati pa mudzi. Ndinatsegula kabokosi. Mayina onse anali otuwa: chaka chimodzi, zaka ziwiri, zaka zitatu. Pa mndandanda wa gulu, pambali pa dzina langa, udindo wanga wa wochiritsa wamkulu unali ulipobe. Dzina la mtsogoleri wathu linali pamwamba, ndipo pambali pake panalembedwa kuti masiku anayi. Ndinamusiyira kalata, ndinakhala pansi pafupi ndi chitsime chija, n'kuyamba kudikira.